Mabakiteriya oyeretsa madzi: ntchito yawo ndi pamene imalekezera

Tikamva mawu akuti mabakiteriya, ambiri timaganiza za matenda. Sitikulakwa, pakuti kolera, tayifodi ndi kamwazi zimabwera nawo. Koma oyambitsa matendawo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mitundu yonse imene ilipo. Chambiko chimagwira chifukwa cha mabakiteriya, ndipo thobwa likagonera limawawasa chifukwa cha iwo omwewo. M'njira ya abambo ya mayi wathanzi mumakhala mtundu wotchedwa Lactobacillus, umene umatchinga matenda kuti asalowe. N'chifukwa chake ife azamba timaletsa amayi kutsukamo ndi sopo kapena kuikamo zitsamba. M'madzi namonso muli ena amene ntchito yawo ndi kudya zonyansa. Phunziro lathu lero likhala pa amenewa.

Zimene amachita osamalira mabwalo a gofu

Amene mumadutsa ku Blantyre Sports Club kapena ku Limbe Country Club mukudziwa kuti bwalo la gofu limafuna kapinga wobiriwira ngakhale mu Okutobala, dziko lonse litachita gwaa. M'mayiko ngati America ndi South Africa, mabwalo ambiri otere ali ndi maiwe osungiramo madzi othirira. Vuto lawo ndi ili: feteleza amene amathira pa kapinga amakokoloka ndi mvula n'kulowa m'dziwe, masamba ndi udzu wotchetcha zimagweramonso. Ndere zikapeza chakudya chimenechi zimaswana mpaka madzi kusanduka obiriwira. Zikafa zimamira pansi, n'kuwola, n'kutha mpweya wonse wa okosijeni. Pamenepo dziwe limayamba kununkha ngati dzira lovunda, nsomba zimafa, ndipo mapaipi othirira amatsekeka.

Kale ankangothiramo mankhwala a kopa opha ndere, koma ndere zakufazo zimasanduka chakudya cha ndere zina, ndipo kopayo amatsalira m'matope. Tsopano ambiri amathira mabakiteriya ochita kugula, makamaka a mtundu wa Bacillus, kuti adye matope owolawo ndi kulanda chakudya chimene ndere zikanadya. Chofunika kuchigwira apa ndi chakuti sathira mabakiteriya okha. Amaikanso makina otumphutsa madzi kuti mpweya ulowe, amachepetsa feteleza, ndipo amasiya udzu wautali m'mphepete mwa dziwe kuti uzisefa madzi a mvula. Popanda zimenezi, botolo lija ndi ndalama zotayika.

Wina anganene kuti gofu ndi masewera a mabwana, ife a ku Bangwe ndi ku Machinjiri zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa dziwe la pa dimba, chithaphwi cha pamene anaumba njerwa, ngakhale mtsinje wa Mudi, zimadwala matenda omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu chimene chimalowa m'madzi si feteleza yekha, koma ndi zam'chimbudzi zomwe.

Amayeretsa bwanji?

Pali magulu awiri oyenera kuwadziwa. Oyamba amafuna mpweya. Amadya zinthu zowola mofulumira ndipo satulutsa fungo loipa. Pakati pawo pali Nitrosomonas ndi Nitrobacter, amene katswiri wa ku Russia, Sergei Winogradsky, anawafufuza cha m'ma 1890. Iwowa amasandutsa amoniya wa mu mkodzo ndi ndowe kukhala mchere wotchedwa nitrate, umene zomera zimadya. Achiwiri amakhala kumene kulibe mpweya, pansi pa matope kapena m'dzenje la chimbudzi. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, ndipo ndi iwo amatulutsa fungo lija ndi mpweya woyaka umene ena amaphikira.

Choncho dziwe likamanunkha, likutiuza kuti zonyansa zachuluka kuposa mpweya. Mabakiteriya abwino alimo kale, anabwera okha ndi dothi, koma athodwa. Amafuna zinthu zitatu: mpweya, kutentha ndi nthawi. Mu Juni ndi Julaye, kukazizira, ntchito yawo imachedwa.

Mzinda wathu umadalira iwowa, ngakhale sitiwatchula. Malo oyeretsera madzi a suweji a khonsolo ya Blantyre, monga a ku Manase ndi a Soche amene ali ku Zingwangwa, anamangidwa pa nzeru yomweyi. Njira imodzi ndi yomwaza madzi oipa pa mulu wa miyala. Pa miyalapo pamamera utoto woterera wa mabakiteriya, ndipo madzi akamatsika amadyedwa zonyansa zake. Njira ina ndi ya maiwe otsatizana. Dziwe loyamba ndi lakuya, mmene zolemera zimakhazikika. Lachiwiri ndi losaya, mmene ndere zimapereka mpweya masana ndipo mabakiteriya amaugwiritsa ntchito. Omaliza ndi osaya kwambiri, kuti dzuwa liphe tizilombo ta matenda. Madzi amayenera kukhala m'maiwemo masabata angapo. Paipi ikaphulika panjira, kapena anthu akachuluka kuposa amene malowo anamangidwira, madzi amafika mu mtsinje ntchito isanathe. Ndipo nyumba zambiri za m'makwalala athu sizinalumikizidwe n'komwe ku mapaipi amenewa. Timadalira zimbudzi zokumba, zimene mvula ikachuluka zimasefukira kupita ku Nasolo, ku Naperi, ku Mudi.

Pamene ntchito yawo imalekezera

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pali moyo wa ana athu. Madzi oyera m'maso si madzi abwino kumwa. Mabakiteriya abwino angathe kuchotsa fungo, kuchepetsa ndere, madzi n'kuoneka mbee, koma kachilombo ka kolera kapena ka tayifodi kali momwemo. Kadontho kamodzi ka madzi kangathe kusunga tizilombo zikwizikwi popanda kusintha mtundu.

Sitikufunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu opitirira 58,000 ndi kupha oposa 1,700, waukulu kuposa ina yonse imene dziko lino laona. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu, kenaka mu Malichi namondwe wa Freddy anagumula zimbudzi ndi mapaipi ku Chilobwe ndi madera ena. Tayifodi nayo ndi yathu yomwe. Sizinangochitika mwangozi kuti kafukufuku wa katemera wake, amene anayamba mu 2018 ndi ana opitirira 28,000, anachitikira ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Katemerayo anateteza ana pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi alionse, ndipo boma linamufikitsa m'dziko lonse mu Meyi 2023. Ngati mwana wanu sanabayitse, pitani naye kusikelo. Koma katemera sayeretsa chitsime.

Palinso china chimene ngati mzamba sindingachidumphe. Ndanena kuti mabakiteriya amasandutsa mkodzo kukhala nitrate. Kwa mpiru ndi chinangwa ndi chakudya, koma kwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi ndi poizoni. Akachuluka m'madzi, amalepheretsa magazi a mwana kunyamula mpweya, ndipo milomo ndi zala zimada ngati zabuluu. Bungwe la World Health Organization linaika malire a mamiligalamu 50 pa lita imodzi. Madzi a chitsime chosaya chimene chili pafupi ndi zimbudzi angathe kupitirira pamenepa, ndipo kuwiritsa sikuchotsa nitrate. Madzi akaphwera ndiye amachulukirako. Ichi ndi chifukwa china chimene timalimbikira kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, osampatsa madzi ngakhale kutenthe bwanji. Agogo, ndikudziwa mumachita mwachikondi, koma mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira. Ngati pali chifukwa chenicheni chosungunulira mkaka wa m'chitini, madzi ake akhale a pampopi kapena a pakiyosiki, owiritsa, osati a pachitsime cha kuseri kwa nyumba. Chitsime chatsopano chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi, ndiponso kumtunda kwake, ngakhale tonse tikudziwa kuti pa mapuloti a ku Ndirande mamita 30 ndi nyumba zitatu.

Dziwe loyera silithetsanso likodzo. Nkhono zimene zimasunga matendawa zimakonda madzi odekha okhala ndi zomera, kaya ndi oyera kaya ndi akuda. Ana asasambiremo.

Ogulitsa mabotolo

Masiku ano kuli mankhwala amene amati ukathira m'chimbudzi, dzenje silidzaza. Akatswiri a ku University of KwaZulu-Natal ku Durban anayesa mitundu ingapo ya mankhwala otere, ndipo sanapeze kusiyana pakati pa dzenje lothiridwa mankhwala ndi lothiridwa madzi chabe. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: m'chimbudzi cha munthu muli kale mabakiteriya osawerengeka, ndiye kuwonjezerapo kapaketi kamodzi kuli ngati kuthira kapu ya madzi mu Shire. Chimene chimadzazitsa maenje athu msanga ndi zinthu zosawola: majumbo, matewera otaya, mabotolo, nsanza. Chinanso ndi chizolowezi chothiramo oyilo wakutha wa galimoto, parafini kapena mankhwala ophera tizilombo ambirimbiri pofuna kuthetsa fungo. Potero timapha antchito amene amatichepetsera mulu uja usiku ndi usana. Phulusa pang'ono, chivundikiro pa bowo ndi paipi yotulutsa mpweya zimathandiza koposa. Tsukani pansi ndi jiki, inde, makamaka m'nyumba mukakhala wodwala m'mimba, koma musakhuthulire botolo lonse m'dzenje tsiku lililonse.

Pali bakiteriya mmodzi wogulitsidwa amene ntchito yake ndi yotsimikizika. Amatchedwa Bti, anapezeka ku Israel mu 1976, ndipo amapha mphutsi za udzudzu osavulaza nsomba, ziweto kapena anthu. Anagwiritsidwapo ntchito m'midzi yozungulira Majete ku Chikwawa pa ntchito yolimbana ndi malungo. Koma amafunika kuthira mobwerezabwereza, ndipo chithaphwi chimene chingakwiririke ndi bwino kungochikwirira.

Kwa alimi a m'madimba

Masamba ambiri amene timagula pamsika amathiriridwa ndi madzi a m'mitsinje yomweyi. Sindinena kuti alimi aleke. Madimba amenewo ndiwo akulipira fizi ndi lendi. Koma nzeru ya maiwe otsatizana ija ingagwire ntchito pa dimba. M'malo motunga mu mtsinje n'kuthira pomwepo, kumbani maenje awiri kapena atatu osaya, madzi azilowa loyamba, n'kusefukira lachiwiri podutsa pa miyala kuti alandire mpweya, inu muzitunga m'lomaliza. Mazira a njoka zam'mimba ndi olemera, amamira pansi madzi akadekha masiku angapo, choncho musavundule matope ndi kheni potunga. Bzalani vetiva m'mphepete. Namasupuni akamera, muzimuzula asanadzaze n'kumuika pa kompositi. Thirirani pa tsinde, osati pa masamba, ndipo siyani kuthirira masiku awiri kapena atatu musanathyole. Dziwani kuti njirayi sichotsa mankhwala a m'mafakitale, kotero madzi akamabwera ndi thovu kapena mtundu wachilendo, tsiku limenelo musatunge. Kunyumba, masamba aphikidwe apse; a saladi ndi tomato atsukidwe ndi madzi othira klorini.

Sefa ya mchenga

Malo amodzi amene mabakiteriya abwino amatithandiza pa madzi akumwa ndi mu sefa ya mchenga. Nkhani yake ndi yakale. Mu 1892 kolera inapha anthu pafupifupi 8,600 mu mzinda wa Hamburg ku Germany. Mzinda woyandikana nawo wa Altona unkatunga mu mtsinje womwewo wa Elbe, kumunsi kwake, kumene zonyansa za Hamburg zinkapita, koma unakhudzidwa pang'ono chabe. Altona ankasefa madzi ake pa mchenga pang'onopang'ono, Hamburg ayi. Pamwamba pa mchenga wotere pamamera kansalu ka zamoyo zing'onozing'ono zimene zimagwira ndi kudya tizilombo ta matenda.

M'zaka za m'ma 1990, Dr David Manz wa ku University of Calgary ku Canada anachepetsa nzeruyi kukhala sefa ya panyumba, bokosi la simenti kapena pulasitiki lokhala ndi miyala pansi ndi mchenga wosalala pamwamba. Miphakati kapena magulu a amayi amene akuganiza zopeza sefa zoterezi adziwe malamulo ake. Kansalu kaja kamatenga pafupifupi masiku 30 kuti kakhwime, ndiye mwezi woyamba sefa sinayambe kugwira bwino. Pamwamba pa mchenga pazikhala madzi okwana masentimita asanu nthawi zonse. Pakauma, zamoyozo zafa. Muzithiramo madzi tsiku lililonse, ochokera malo amodzimodzi. Musathiremo madzi otentha kapena okhala kale ndi klorini, chifukwa mupha antchito anu. Madzi akayamba kutuluka mochedwa, takasani pang'ono pamwamba pa mchenga ndi dzanja loyera, tungani madzi akudawo n'kutaya; musafukule mchenga.

Sefa yokhwima imachotsa gawo lalikulu la tizilombo, koma osati tonse, ndipo sichotsa nitrate. Klorini ndiye amabwera pambuyo. Madzi akatuluka m'sefa, thirani WaterGuard kachivundikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20, kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo pa muyezo umene akuuzani, dikirani mphindi 30, ndipo sungani m'chigubu cha kukamwa kung'ono chimene mwana sangapisemo kapu.