Phunziro la Chingerezi: Zolakwa Zinayi Pomanga Chiganizo

Kuno ku Zomba ndiko kuli likulu la MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, ndipo lamulo lake nlodziwika: mwana wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya Folomu 4, angakhale akhoze maphunziro ena onse. Lamuloli likhudza wa ku Masongola, wa ku St Mary's ndi wa sukulu ya kumudzi chimodzimodzi. Tsono ambiri sagwa chifukwa chosowa mawu ayi, koma chifukwa aganiza m'Chichewa nalemba m'Chingerezi. Taonani zolakwa zinayi izi.

Choyamba, kutchula mwininkhani kawiri. Ife timati "Bambo wanga akubwera", ndipo "a" wa kumayambiriro kwa mneni aloza bambo yemweyo. Mwana atengera zimenezi nalemba "My father he is coming." Chingerezi sichilola zotere. Chotsani "he", mulembe "My father is coming."

Chachiwiri, kuika "but" pambuyo pa "although". Pakamwa pathu "ngakhale" ayenda bwino ndi "koma", koma m'Chingerezi mlumikizi mmodzi akwanira. Musalembe "Although it rained, but we climbed the mountain." Lembani "Although it rained, we climbed the mountain."

Chachitatu, chiganizo chopanda mutu. "Because the Mulunguzi was full" ndi nthambi yothyoka chabe. Wowerenga atsala nkufunsa kuti, nanga chinachitika nchiyani? Ilumikizeni ku thunthu lake: "We did not cross because the Mulunguzi was full."

Chachinayi, funso lozondoka. Ife timati "Mukupita kuti?", mawu ofunsira nkukhala kumapeto. M'Chingerezi atsogola ndiwo, ndipo mneni wothandiza adza patsogolo pa mwininkhani. "You are going where?" akhale "Where are you going?"

Nanga tichitenji? Inu makolo ndi aphunzitsi a m'midzi, uzani mwana awerenge mokweza chimene walemba, chiganizo chimodzichimodzi, nadzifunse mafunso atatu: Ndani achita? Achita chiyani? Kodi ganizo latha? Likatha, aike mpumiro, asapitirire ndi "and" wosalekeza.

Yesani tsopano kukonza izi: "The teacher she is sick." "Although he is old, but he works." Chimene chikukanikani, funsani odziwa popanda manyazi, pakuti safunsa anadya phula.