Khutuba ya Lachisanu: Zaka Ziwiri Zoyamba za Mwana

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tonse timachidziwa chimwemwe cha pakhomo mwana akamera dzino loyamba, akayamba kukwawa, kenako n'kuimirira atagwira mtondo. Khanda limene tinalichitira azana m'khutu ndi kulizingira mbuzi ya akika pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, lero likuitana "amama".

Chimwemwechi chimadza ndi udindo. Surat Al-Baqara, ndime 233, ikutchula zaka ziwiri zathunthu zoyamwitsa, ndipo chakudya ndi chovala cha mayi ikuzisenzetsa bambo. Kuno ku Maravia, mvula ikagwa timaswera kumunda, mayi woyamwitsa n'kumalima ndi njala, mwana n'kusiyidwa ndi mwana mnzake. Abambo, tidzafunsidwa za zimenezi. Mwana wongoyamba kuyenda asayandikire moto kapena chitsime. Agone m'neti, ndipo thupi likatentha tithamangire naye kuchipatala, kaya ku Fingoè kaya chapafupi nafe.

Mtumiki ankaswali atanyamula mdzukulu wake Umama; pogwetsa nkhope pansi ankamutsitsa, poimirira n'kumunyamulanso. Tikamati tilibe nthawi yosamalira ana athu, tikumbukire zimenezi.

E Allah, tikulitsireni ana athu ndi thanzi ndi chikhulupiriro. Amin.