MUSATAYE ZITINI ZA ZAKUMWA

Alimi ambiri amaiwala mtundu wa mbeu imene anafesa pa nazale, cifukwa cizindikiro ca pepala cimafufutika ndi mvula, ndipo ca thabwa cimadyedwa ndi ciswe. Citini ca zakumwa cingathetse bvuto limeneli, pakuti zitini za masiku ano n'za aluminiyamu, citsulo cofewa cosacita dzimbiri.

Kakonzedwe kake ndi aka:

1. Tsukani citini kuti shuga wotsalira asaitane nyerere, ndipo ciume.
2. Boolani ndi mpeni pafupi ndi khosi, ndi kudula mozungulira ndi sizasi. Citani cimodzimodzi kunsi kwake.
3. Cekani cotsalaco kucokera pamwamba kufikira pansi. Citini ca mamililita 330 cimapatsa lata lotalika pafupifupi masentimita 20.
4. Liongoleni polikoka pa mphepete mwa tebulo, kenaka ligone usiku wonse pansi pa thabwa lotsendereza ndi njerwa.
5. Dulanimo timalata, pindani m'mbali mwake ndi kugogoda pang'ono ndi nyundo.

Cenjerani! Lata losapinda ndi lakuthwa monga lumo. Ana asapatsidwe nchito yodula, ndipo tizidutswa tonse mutole kuti ng'ombe zisameze.

Tsopano lembanipo dzina la mbeu ndi tsiku lofesa, motsindika ndi msomali. Malembo otere mvula singawafafanize. Malata otsala amangeni pa cingwe m'munda wa mapira kuti aziopsa mbalame, koma muzisintha malo ake kawirikawiri, cifukwa mbalame zimazolowera msanga.