Phunziro 17: Ndani atichapire kapeti?

M'nyumba zathu timayala zinthu zosiyanasiyana pansi. Timayala mphasa ya bango. Timayala mkeka wa mlaza. Ena amayala chikopa cha mbuzi. Masiku ano m'nyumba zambiri mwalowanso kapeti, imene ena amaitcha tapeti. Ina tinaigula pa msika wa ku Ulongwe kapena wa ku Tete. Ina anatitumizira ana athu amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Harare.

Pa zoyala zimenezi ana amakwawa, amadyera ndiponso amagona. Alendo timawalandirira pomwepo. Nanga zikada timatani?

Za mphasa ndi mkeka tonse timadziwa. Timatulutsa panja, timakutumula fumbi, timatsuka ndi madzi pang'ono, timayanika padzuwa. Ikatha timaluka ina. Koma kapeti ndi yokhuthala, ndi yolemera, ndipo inadya ndalama zambiri. Pamwamba imaoneka bwino, koma m'kati yasunga mchenga ndi nyenyeswa za chakudya. Galu kapena mphaka akagonapo, mazira a nthata amagwera mu ulusi wake ndi kuswa momwemo. M'mphepete mwake mumabisala nsikidzi. Mulinso tizilombo tina tosaoneka ndi maso. Zitosi za tizilomboti zimauluka pamodzi ndi fumbi, ndipo mwana wa mphumu amabanika nazo usiku.

Ntchito yaikulu ndi yathu. Kamodzi pa mlungu tiitulutse kapeti, tiipachike pa mtanda, tiimenye ndi ndodo cha kumsana kwake, kenaka tiisiye padzuwa. Tiyi akatayikira, tipsinjepo nsalu youma msanga. Tisapekese, pakuti kupekesa kumalowetsa dontho m'kati. Magazi titsuke ndi madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amawakakamiza pa ulusi. Pamene mwana wakodzera tisathirepo javel. Javel akakumana ndi mkodzo amatulutsa mpweya woipa umene umawawa m'maso ndi m'chifuwa.

Za nsikidzi tisanamizane. Dzuwa la ku Tete mwezi wa Okutobala limapitirira madigiri 40, koma nsikidzi ndi mazira ake zimafa bwino kutentha kukafika pa madigiri 50. Dzuwa la ku Angónia mwezi wa Juni silingafike pamenepo. Ndiponso nsikidzi imatha kukhala miyezi yambiri osadya. Tikachapa kapeti yokha, n'kusiya bedi ndi ming'alu ya khoma, tataya sopo pachabe.

Nthawi imafika pamene kumenya sikukwananso. Kapeti yanunkha. Ifunika kuchapidwa yonse. Ena amati: “Tipite nayo kumtsinje.” Tiganize kaye. Kapeti yonyowa munthu mmodzi sangainyamule. Kuti tiitsukuluze tiyenera kuima m'madzi nthawi yaitali, ndipo m'madzi odekha momwe muli nkhono ndi momwe timatengera likodzo. Mu Zambezi muli ng'ona. Litsiro ndi thovu zimatsikira kwa anzathu amene amatunga madzi akumwa kumunsi. Pafupi ndi chitsime kapena mjigo ndiye ayi ndithu.

Tisanachite kanthu titembenuze kapeti. Makapeti ambiri ali ndi kansalu kapena kapepala kumsana. Apa ndi pamene kuwerenga kumatithandiza. Mawu akuti lã kapena wool akutanthauza ubweya wa nkhosa. Ubweya umafota m'madzi otentha, ndipo javel amaudya. Mawu akuti algodão kapena cotton ndi thonje. Mawu aatali akuti polipropileno akutanthauza ulusi wa pulasitiki. Umenewu suopa madzi. Kapeti yaing'ono ya ulusi wotere tingathe kuichapa tokha pabwalo ndi sopo ndi burashi. Pamakhalanso tizithunzi. Kabeseni kolembedwa 30 kakuti madzi asatenthe kupitirira madigiri 30. Kabeseni kokhwatchidwa kakuti isachapidwe ndi madzi kunyumba. Chizindikiro cha ngodya zitatu chokhwatchidwa chikuti javel ayi.

Kapeti yaikulu, yaubweya, kapena ya kabeseni kokhwatchidwa, tipite nayo kwa odziwa ntchito. M'matauni muli nyumba zochapira zolembedwa kuti lavandaria. Mulinso anyamata ochapa magalimoto amene amalandira makapeti. Onsewa adzati: “Bweretsani, tikudziwa.” Nanga tisankha bwanji?

Poyamba tifunse kwa anansi amene anachapitsapo. Tisangomva kuti “amachapa bwino.” Tione kapetiyo ndi maso athu, tiinunkhize. Kenaka tipite tokha pamalo pamene amachapirapo. Tione pansi ngati pali simenti yoyera kapena matope ndi mafuta a galimoto. Tione madzi ngati ndi okwanira kutsukuluza. Tione poyanikira.

Tikafika tisachite manyazi kufunsa. Ndalama ndi zathu.

“Bambo, kapeti iyi ndi ya ulusi wanji?”

“Muchapa ndi sopo wanji?”

“Muyanika pati, ndipo iuma masiku angati?”

“Ikaonongeka m'manja mwanu, tidzatani?”

Funso loyamba lija ife tikudziwa kale yankho lake, chifukwa tawerenga kumsana. Tikufunsa kuti timuyese. Wodziwa ntchito sayankha msanga. Amaitembenuza kapeti, amagwira ulusi, amawerenga kansalu. Kenaka amanyowetsa nsalu yoyera ndi kuipsinja pangodya kuti aone ngati utoto ukuchoka. Utoto ukatsalira pa nsalu, amatiuza tisanachoke kuti zofiira zingathe kulowerera pa zoyera. Munthu wotere tingamukhulupirire. Koma amene akulumbira kuti dontho lililonse lichoka, ameneyo akufuna ndalama chabe. Pamene panapsa ndi khala sipachapika. Pamene javel anadya utoto sipabwerera.

Ochapa magalimoto sitikuwanyoza. Mpope wawo wa madzi amphamvu umachotsa mchenga bwino lomwe pa kapeti ya pulasitiki. Koma pa kapeti yaubweya, kapena yakale ya ulusi wofooka, mphamvu yomweyo imazula ulusi ndi kumasula m'mphepete. Sopo wa galimoto sanapangidwire ubweya. Kapeti ya mtengo wapatali tisaipereke kumeneko chifukwa chongoti ndi pafupi.

Funso la kuyanika ndi lalikulu kuposa momwe timaganizira. Kapeti ikakhala yonyowa kupitirira masiku awiri imachita chuku, imanunkha, ndipo nsalu ya kumsana imayamba kuola. Iyenera kupachikidwa kuti mphepo ipite mbali zonse, osati kupindidwa pakona. Chifukwa chake nthawi yabwino yochapitsa ndi chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Januwale, mvula ili pakati, tidikire.

Tsopano za mtengo. Ena amatchula mtengo wa kapeti yonse. Ena amawerenga pa metro quadrado, ndiye kuti malo a mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi. Tiyeze kapeti yathu tisanachoke kunyumba. Ngati ili mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, timachulukitsa: 3 x 2 = 6. Pamenepo palibe amene angatiwerengere 8. Tifunse malo awiri kapena atatu. Tiwonjezerenso ndalama ya ulendo, pakuti ife a kumudzi timalipira chapa kuti tikapeze wochapa, ndipo katundu amalipiridwa payekha. Mabanja angapo angagwirizane kutumiza makapeti awo tsiku limodzi. Koma ngati ulendo ndi kuchapa pamodzi zikuyandikira mtengo wa kapeti yatsopano, kuli bwino tiganizenso.

Tikagwirizana, zonse zilembedwe papepala: dzina lathu, dzina la wochapa, tsiku, kukula kwa kapeti, mtundu wake, mtengo, ndi tsiku lodzatenga. Ngati pali pong'ambika kale, palembedwenso, kuti mawa tisadzakangane. Tiwerenge pepalalo tokha tisanasaine. Tisalipire ndalama zonse lero. Theka lero, theka podzatenga. Munthu wobwera pakhomo, wopanda malo odziwika, wotchula mtengo wotsika kwambiri ndi kupempha kuti anyamule kapeti, tisamupatse. Ngati amadziwadi ntchito, achapire pabwalo pathu ife tikuona.

Tsiku lotenga tisalandire kapeti yokulungidwa. Aitambasule. Tigwire kumsana ndi dzanja kuti timve ngati yauma. Tiinunkhize. Fungo la mafuta onunkhira lisatipusitse, pakuti nthawi zina limabisa chinyezi. Tisisite ulusi ndi zala. Ukamamata, sopo sanatsukuluzike, ndipo kapeti yotere imada msanga kuposa kale. Aitsukuluzenso tisanapereke theka lotsala.

Tikambirane

Kodi m'mudzi mwathu madzi ochapira timawataya kuti? Kodi ali kutali ndi chitsime?

Mnzathu wina wabwera ndi kapeti yolembedwa lã, ndipo akufuna kuiviika m'madzi otentha kuti aphe nsikidzi. Timuuza chiyani?

Tilembe

mphasa, mkeka, kapeti, ulusi, ubweya, utoto, chuku, nsikidzi

Tiwerengere

Tiyerekeze kuti wochapa akufuna meticais 100 pa metro quadrado. Kapeti yathu ndi ya mamita 4 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi. Tilipira zingati zonse pamodzi? Nanga theka lopereka lero ndi zingati? Aliyense alembe m'kope mwake pepala la mgwirizano la kapeti imeneyi, ndipo mnzake aliwerenge mokweza.