Wogula Wamkulu Amalipira Liti?

Khalani pansi, ana inu, mutsegule makope. Sabata yatha tinaphunzira za mpamba ndi phindu. Lero tiona zimene zimachitika wamalonda wamng'ono akapeza kasitomala wamkulu kwambiri, monga supamaketi ya nthambi zambiri, fakitale, hotela kapena boma limene. Ambiri mwa inu mukuti munthu wotereyu waphula. Ine ndikuti tiyambe tawerengetsera.

Lembani chiganizo ichi, muchijambule mzere kunsi: wogulitsa kwa wamkulu amayamba wamukongoza. Kumsika wogula amapereka ndalama, iwe n'kumupatsa katundu, nkhani yatha. Kukampani yaikulu sizitero. Amakupatsa pepala la oda, lija amati LPO. Iwe ukatula katundu, akudindira, upereka invoisi, kenako udikira masiku 30, 60, pena 90. Nthawi yonseyo katundu wako ali pashelefu pawo, akugulitsidwa, ndalama zikulowa m'thumba mwawo. Ngongole yotere ilibe chiwongoladzanja, ndipo woipereka ndi wosaukayo.

Tiyerekeze gulu la amayi a ku Mchinji opanga chiponde. Manambalawa ndi ongophunzirira, musakawatchule kumsika. Supamaketi yawapatsa oda ya mabotolo 5,000 mwezi uliwonse. Botolo limodzi, kuphatikiza mtedza, magetsi, lebulo ndi thiransipoti, likuwadyera K2,000, ndipo sitolo ikugula pa K2,400. Chulukitsani. Atulutsa K10 miliyoni, invoisi ndi ya K12 miliyoni, phindu K2 miliyoni pamwezi. Papepala n'zokoma ndithu.

Tsopano sitolo yati ilipira pakatha masiku 90. Ndiye kuti tambala yoyamba isanafike, amayiwa akhala atatula oda zitatu, K30 miliyoni yatuluka. Aitenga kuti? Kubanki, ngati ali ndi chikole. M'chaka cha 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo pawo pokongoza munthu wamba. Tiike pa 30 peresenti pachaka, kutanthauza 2.5 pamwezi. K10 miliyoni iliyonse yogona miyezi itatu ikudya K750,000. Phindu latsika kufika pa K1,250,000. Za katapila tisatchule n'komwe.

Sitinathe. Mwezi wina sitolo yalengeza zotsitsa mitengo, ndipo kalata yafika yoti wopereka katundu athandizepo ndi 5 peresenti. Chotsani K600,000. Mabotolo 200 apezeka otayikira kapena atsala pang'ono kutha nthawi, abwezedwa. Chotsani K480,000. Mwatsala ndi zingati? Inu kumbuyoko, mwapeza zingati? K170,000, eya. Amayi makumi awiri agawane imeneyo atakazinga mtedza mwezi wathunthu.

Palinso za msonkho. Gulu likalembetsa VAT, a MRA amayembekezera ndalama yawo pofika pa 25 mwezi wotsatira, kaya kasitomala walipira kaya ayi. Wogula wamkuluyo naye polipira amadulapo msonkho wina n'kuutumiza yekha ku MRA, iwe n'kungolandira satifiketi. Onjezani za Malawi Bureau of Standards, amene ayenera kuyeza chipondecho ngati chilibe poizoni wa chuku, ndi bakhodi ya palebulo. Zimenezi n'zoyenera, sindikuzinyoza, koma zimalipiridwa botolo loyamba lisanagulidwe.

Kudikira kumapweteka koposa ndalama ikamagwa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anatula katundu mu Okutobala pa mtengo wakale anadzalandira ndalama zake mu Januwale, pamene mabotolo ndi zotsekera, zomwe zipangizo zake zambiri zimachokera kunja, zinali zitakwera kale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Invoisi yosalipiridwa ndi fodya wapachala.

Wina afunsa kuti, "Aphunzitsi, bwanji osangokana?" Funso labwino. Taonani mmene zinthu zakhalira. Kuti akwanitse mabotolo 5,000, amayi aja anagula chigayo chachikulu pangongole, analemba antchito, anasiya kuperekera magolosale a pa Kamwendo ndi pa Mkanda chifukwa chiponde chonse chimapita kumodzi. Kwa iwo sitoloyo ndi moyo wonse. Kwa sitoloyo iwo ndi dzina limodzi pa mndandanda wa mazana. Akakangana, ndani agone tulo? N'chifukwa chake wopereka katundu amaimba foni ku akaunti mwaulemu, nauzidwa kuti bwana wosayina ali kumsonkhano, iye n'kuthokoza.

Musaganize kuti izi n'zakwathu kuno kokha. Ku Britain nkhaniyi inakula mpaka mu 2013 boma linakhazikitsa ofesi yoyang'anira mmene masupamaketi akuluakulu amachitira ndi owapatsa katundu. Mu Januwale 2016 mkulu wa ofesiyo, Christine Tacon, anapeza kuti supamaketi ya Tesco inkachedwetsa dala malipiro kuti mabuku ake aoneke bwino. Kampani yomanga ya Carillion inkadikiritsa makontilakitala ang'onoang'ono mpaka masiku 120, ndipo itagwa mu Januwale 2018, masauzande a iwo anatsala ndi mapepala m'manja. Kukula kwa kasitomala si chikole.

Kodi ndiye tiwathawe? Ayi. Oda yokhazikika imakuthandiza kugula mtedza wambiri nthawi yokolola uli wotchipa, ndipo dzina lako likaoneka pashelefu yaikulu ena amakukhulupirira. Koma usanasayine, funsa kuti masikuwo ayamba kuwerengedwa liti: tsiku lotula katundu, tsiku la invoisi, kapena kumapeto kwa mwezi? Apa pokha pamabisala masabata anayi. Funsa kuti katundu wobwezedwa ndi wa ndani, ndiponso ngati mtengo ungakambidwenso kwacha ikagwa. Mtengo wa kudikira uuike m'kati mwa mtengo wa botolo. Ndipo magolosale aja olipira pompopompo usawataye, ngakhale amagula makatoni awiriawiri.

Ntchito ya kunyumba: ndi manambala omwewa, pezani mtengo wa botolo umene amayi aja ayenera kutchula kuti atsale ndi K1 miliyoni pamwezi. Mukatero, muwerengenso ngati sitolo yachedwa ndi masiku ena 30. Makope ndiwapeze patebulo langa Lolemba m'mawa.