Kodi foni yanu imasunga chinsinsi ngati mzamba?

Wophunzira unamwino akangofika ku koleji timamuuza kuti zomwe wodwala wanena m'chipinda zimatsala momwemo. Koma masiku ano amayi ambiri akuuza foni zinthu zimene amachita nazo manyazi kundiuza ine ku sikelo. Choncho nkofunika mudziwe amene akumvetsera kuseri kwa foniyo.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1978 ku Chicago, Ward Christensen ndi Randy Suess anakonza kompyuta yoti anthu aziilumikiza kudzera pa telefoni n'kumasiyirana mauthenga, monga timachitira pa bolodi ya zidziwitso pakhomo la tchalitchi. Mabolodi otere anachuluka m'zaka za m'ma 1980, ndipo ambiri ankawayang'anira ndi munthu wamba kunyumba kwake. Wina akayamba kusokoneza, mwini bolodi ankamutsekera kunja. Chaka chomwecho cha 1978, Gary Thuerk anatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 amene sanaupemphe. Mauthenga otere ndi omwe lero amatchedwa spam.

Kusiyana kwake kuli pa ndalama. Facebook simuilipira, imadya za otsatsa malonda, ndipo wotsatsa amafuna kudziwa kuti ndinu ndani, muli kuti, nanga mukusowa chiyani. Mayi woyembekezera kapena banja lomwe likufuna mphatso ya mwana ndi msika wonona. Mu 2021 bungwe la boma la America la FTC linadzudzula kampani ya Flo, yomwe apu yake imathandiza amayi kuwerenga masiku a kumwezi, kuti inkapereka uthenga wa msambo ndi wa pakati ku makampani monga Facebook ndi Google, chonsecho inalonjeza kusunga chinsinsi.

Kwathu kuno zipatso zake timaziona kuchipatala. Munthu akalemba poyera kuti ali ndi shuga kapena akuvutika kubereka, posakhalitsa amayamba kulandira mauthenga a ogulitsa mankhwala “ochiza zonse”. Ndinasamalirapo mayi wina amene anasiya mankhwala a BP ali ndi pakati chifukwa cha botolo lomwe anagula kwa munthu wa pa intaneti. Anafika miyendo itatupa, mutu ukuwawa kwambiri. Mwayi wake anabwera msanga.

Nanga gulu la WhatsApp la Mphakati, kapena la amayi a ku sikelo? Limafanana ndi mabolodi akale aja: pakhomo pali munthu amene mukumudziwa, ndipo wamalonda akalowa amachotsedwa. Ine ndimawakonda magulu amenewa, chifukwa amakumbutsana tsiku la katemera ndi kuthandizana thiransipoti usiku matenda akayamba. Koma musaiwale kuti WhatsApp ndi ya kampani ya Meta, eni ake a Facebook. Mauthenga ake ndi otetezedwa panjira, inde, koma nambala yanu imatha kuonedwa ndi anthu a m'gulumo, ndipo aliyense angajambule zomwe mwalemba n'kutumiza kwina. Komanso amene amakudziwani ndi amene angakupwetekeni kwambiri: kampani ya kunja siingakauze apongozi anu kuti mumamwa ma ARV, koma mnzanu wa m'kwaya angathe.

Ndiye ngati ndinu adimini, lowetsani anthu nokha mmodzimmodzi, osamwaza linki ya gulu paliponse, ndipo mugwirizane poyambirira kuti za m'gulu sizituluka. Inu mamembala, musajambule buku lanu la kuchipatala kapena zotsatira za magazi n'kuika pagulu. Funso lokhudza thupi lanu lipite kwa namwino pambali. Anzanga azaumoyo, chithunzi cha wodwala kapena khanda lake sichiyenera kukhala pa sitetasi yanu, ngakhale kubadwako kukhale kosangalatsa bwanji. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la Data Protection Act, ndipo loyang'anira ndi bungwe la MACRA. Wina akamwaza za matenda anu popanda chilolezo, sungani uthengawo ngati umboni musanapite kukadandaula.