Chifukwa Chake Chinangwa Chowawa Chimaviikidwa

Chinangwa chinachokera ku South America, ndipo Apwitikizi ndiwo anadza nacho ku Africa m'zaka za m'ma 1500. Chilipo chosawawa, chilipo chowawa; m'chowawacho muli chiphe chambiri chotchedwa cyanide.

Nchifukwa chake amayi a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amachisenda, nachiviika m'madzi masiku atatu kapena asanu kufikira chitafewa, nachiyanika, asanasinje ufa wa kondowole. Madzi amatulutsa chiphecho, dzuwa nilichotsa chotsalira.

Pa chilala cha 1981 ku Nampula, m'dziko la Mozambique, anthu anadya chinangwa chosakonzedwa bwino, ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo. Nthendayi, yotchedwa konzo, sichizika. Tsono njala ingakule chotani, masiku oviika asachepetsedwe.